Kusaina pa kompyuta m'maofesi a boma: zokambirana za a ku Mulanje ndi Thyolo

Woyang'anira gulu (Mulanje Boma):
Ndikupereka moni kwa nonse a pa gulu lino. Nkhani ya lero ndi ya m'maofesi a boma, kumene kukumveka kawirikawiri kuti mapepala achepe ndipo zikalata zizisainidwa pa kompyuta. Lamulo lololeza zimenezi lilipo kale, chifukwa mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limati siginecha ya pa kompyuta ikakwaniritsa zofunika imakhala ndi mphamvu pamaso pa lamulo. Komabe tonse tikudziwa kuti kalata yopempha tchuthi, vocha yolipirira katundu ndi chikalata cha malo zikuyendabe m'mafayilo omangidwa ndi chingwe. Ndikupempha kuti tikambirane modekha ngati kusinthaku kungatithandize ife a kuno, komanso chimene chiyenera kukonzedwa kaye. Ndale tizisiye panja.

Mphunzitsi wopuma (Chitakale):
Zikomo a Woyang'anira. Ine ndili kumbali ya ofuna kusintha, ndipo chimene chinandiika kumbali imeneyi ndi penshoni. Nditapuma ntchito, mapepala anga anayenera kusainidwa ndi anthu angapo motsatana, kuyambira kuno mpaka ku Lilongwe, ndipo palibe amene akanasaina mnzake wa m'mbuyo asanasaine. Ku ofesi ina ndinaiona ndi maso fayilo yangayo ili pansi pa mulu wa mafayilo ena pambali pa kabati, chikuto chake chitang'ambika pakona, dzina langa litalembedwa ndi cholembera chofiira. Chimene chinkasowa chinali siginecha imodzi yokha, koma mwini wake anali ku msonkhano ku nyanja, ndipo atabwerako anapitanso ku maliro. Munthuyo sindimuda, pakuti maliro sasankha tsiku. Chimene chinandiwawa n'chakuti ndalama ya basi ndi ya malo ogona inkatuluka m'thumba la munthu amene malipiro ake anali atasiya kale kubwera. Bwanayo akanakhala ndi njira yowerengera ndi kusaina ali konko ku nyanjako, ine ndikanakhala ndili pakhomo kupalira chinanazi changa.

Kalaliki wakale (Thyolo Boma):
Aphunzitsi, pepani ndi zimene munakumana nazo, koma ndiloleni ndiliikire kumbuyo pepala pang'ono, poti ine ndinakalambira mu rejisitiri. Fayilo ili ndi mwambo wake. Kalata ikalowa imadindidwa tsiku, imalembedwa m'kaundula, tsamba lililonse limapatsidwa nambala, ndipo mesenjala akaipereka ku ofesi ina, wolandirayo amasaina m'buku. Mwambo umenewu ukamatsatidwa, fayilo siisowa yokha. Ikasowa ndiye kuti pali munthu amene wafuna kuti isowe, kapena amene akudikira kuti mumugwire m'manja, ndipo munthu wotereyo mukamupatsa kompyuta adzapeza njira ina yochedwetsera zinthu.

Chachiwiri, pepala limaulula amene walisintha. Tonse tikukumbukira kuti pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo mwa umboni umene unaperekedwa munali mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex. Sindikulowa ndale, a Woyang'anira, ndikungonena kuti munthu wamba ankatha kuona yekha kuti apa pafufutidwa. Nanga pa kompyuta 1 akasanduka 7, adzaone ndani?

Wophunzira za makompyuta (Ndata):
Bambo, funso lanu lomalizali ndi limene linachititsa kuti siginecha ya pa kompyuta ipangidwe. Koma poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ambiri amazisokoneza. Pali kujambula siginecha ya bwana n'kumata chithunzicho pansi pa kalata. Kumeneko n'kudzinamiza chabe, chifukwa aliyense amene wapeza chithunzicho angachimate pa kalata iliyonse imene wafuna.

Njira yeniyeni ndi ya masamu. Wosaina amakhala ndi makiyi awiri opangidwa pamodzi, wina wachinsinsi amene amasunga yekha, wina wapoyera amene aliyense angamuone. Posaina, kompyuta imawerenga chikalata chonse, chilembo ndi chilembo, n'kutulutsa nambala yaitali yoimira chikalata chimenecho. Nambalayo imatsekedwa ndi kiyi wachinsinsi, ndipo chotulukacho ndicho siginecha. Wolandira amagwiritsa ntchito kiyi wapoyera, kompyuta yake n'kuwerenganso chikalatacho kuti ione ngati nambala zikugwirizana. Munthu akasintha ngakhale chilembo chimodzi, nambala ija imasinthiratu ndipo siginechayo imakanidwa pomwepo. Choncho siginecha iliyonse imakhala ya chikalata chimodzi chokha, siingasamutsidwe kupita pa china.

Chotsala ndi kutsimikizira kuti kiyi wapoyerayo ndi wa bwanamkubwadi, osati wa kamberembere wodzitcha bwanamkubwa. Pamenepa pamafunika bungwe lodalirika lopereka satifiketi yonena kuti kiyi uyu ndi wa uje, ndipo lamulo la 2016 lija linapereka kwa MACRA udindo wovomereza mabungwe oterowo.

NaPhiri (Luchenza):
Achimwene, mwafotokoza momveka bwino, koma masamu anuwo akutsimikizira kiyi, sakutsimikizira munthu. Ndinagwirapo ntchito ya maakaunti m'ofesi ina, ndipo zimene ndinkaona ndi izi: bwana wotanganidwa, kapena woopa kompyuta koma wosafuna kuti achinyamata adziwe, ankapereka nambala yake yachinsinsi kwa sekilitale. Nambalayo inalembedwa pa kapepala kachikasu komata pansi pa kiyibodi, ndipo ofesi yonse inkadziwa pamene kali. Bwana akamatuluka ankangoti, "Mundivomerezere zimenezo," n'kukwera galimoto.

Tisaiwale kuti Cashgate ya 2013 sinachitikire m'mafayilo a fumbi. Inadutsa mu IFMIS, makina a boma oyendetsera ndalama, m'mene munkalowetsedwa malipiro a makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, macheke n'kutuluka, kenako zolembedwazo n'kufufutidwa m'makinamo. Akatswiri ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti mabiliyoni a kwacha anapita m'miyezi yochepa chabe ya chaka chimenecho. Wakuba wa cholembera amayenera kuphunzira kaye kutengera dzanja la bwana, ndipo kawirikawiri kalaliki wozolowera amazindikira. Wakuba amene wapatsidwa kiyi ndi mwini wake satengera chilichonse, siginecha yake imatuluka yoona. Ndiye tsiku la mlandu bwana adzati sanasaine, makina adzati anasaina, ndipo onse awiri adzakhala akunena zoona.

Wophunzira za makompyuta (Ndata):
Amayi, pamenepo sindingakutsutseni. Ndingowonjezera kuti nambala yolowera m'makina ndi yosiyana ndi kiyi wosainira. Kiyi wosainira amasungidwa m'khadi kapena m'kachipangizo kobaya ku kompyuta, kopangidwa mwakuti kiyiyo sangakopedwe. Kuti wina asaine m'dzina la bwana, ayenera kukhala ndi kachipangizoko m'manja komanso nambala yake, ndipo kumene akufuna chitetezo chochuluka amawonjezerapo chala. Komanso chikalata chosainidwa chikatumizidwa kwa ena, monga ku ofesi ya Auditor General, mkulu woyendera mabuku a ndalama za boma, kuchifufuta pamalo amodzi sikuchichotsa konse. Koma bwana akasiya khadi m'dirowa pamodzi ndi kapepala kachikasu kaja, palibe masamu amene angatipulumutse. Pamenepo pafunika lamulo la ntchito lonena poyera kuti wopereka kiyi wake kwa mnzake wapalamula, ngakhale pasanabedwe tambala.

Kalaliki wakale (Thyolo Boma):
Lamulo loletsa kusaina cheke chosalembedwa kanthu linalipo kuyambira kalekale, mwana wanga, koma macheke oterowo ndinawaona. Bwana ankasaina angapo asanapite ku ulendo kuti ntchito isaime. Chimene chimachititsa zimenezi ndi chakuti mphamvu yonse yovomereza imaunjikidwa pa munthu mmodzi, ndipo wachiwiri wake saloledwa kuvomereza ngakhale kugula mapepala olembera. Mukapanda kukonza pamenepo, khadi lanulo lizidzagona m'dirowa la sekilitale.

Wothandiza amalonda pa chipata (Muloza):
Ndiloleni ndiikepo zimene timaona kuno ku malire. Ntchito ya kasitomu inasamukira pa kompyuta kale, ndipo zikalata za katundu timazilowetsa mu ASYCUDA World. Phindu lake ndi looneka, chifukwa ndimatha kuona pamene chikalata changa chafika popanda kugogoda pa chitseko cha munthu, ndipo tsiku ndi ola limene chinalowa zimalembedwa zokha. Amene anagwirapo ntchitoyi nthawi ya mafomu a kaboni sangafune kubwerera.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ntchito yapawiri imene ndimaiona m'maofesi ena. Chikalata chimalowetsedwa pa kompyuta, kenako amati musindikize, mupite nacho kwa bwana akasaine ndi cholembera, adinde chidindo, ndiyeno muchijambule n'kuchibwezeranso mu kompyuta. Pamenepo pepala silinachoke, tangowonjezera mtengo wa inki ndi magetsi. Nkhani ya magetsi nayonso si yaing'ono. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo tonse tikukumbukira mmene magetsi ankathimira. Ofesi imene yasiyiratu pepala iyenera kukhala ndi sola kapena jenereta yokhala ndi mafuta, komanso njira yovomerezeka yogwirira ntchito tsiku limene netiweki yagwa. Popanda zimenezo, mawu akuti "bwana kulibe" adzangolowedwa m'malo ndi akuti "netiweki kulibe".

Mphunzitsi wopuma (Chitakale):
Bambo a ku Muloza atchula chinthu chimene ine ndinkachisowa kuposa liwiro, ndicho kudziwa pamene pepala lako lafika. Ndikanauzidwa kuti fayilo ili pa tebulo lakuti kuyambira tsiku lakuti, sindikanayenda ulendo wopanda pake, ndipo wokhalira fayiloyo akanachita manyazi podziwa kuti dzina lake likuoneka. A Kalaliki akunena zoona kuti wochedwetsa dala adzakhalapobe, koma lero amabisala m'mawu akuti fayilo sikuoneka, ndipo pobisala pamenepo ndi pamene ndikufuna kuti pagumulidwe.

Mlembi wa a gulupu (Thekerani):
Akuluakulu, ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, koma zonse mwakambazi ndi za anthu okhala ndi tebulo ndi mpando. Ine ndimalembera a gulupu makalata, ndipo zikalata zambiri zimene zimathera ku boma zimayambira kwa ife: kalata yotsimikizira kuti munthu ndi wa m'mudzi muno, kalata ya maliro, mgwirizano wa malo. Chidindo cha a gulupu chimakhala m'kachikwama kokulungidwa mu pulasitiki, ndipo padi yake ikauma timadonthezera madzi pang'ono kuti idinde. Ambiri mwa obwera sadziwa kulemba, amadinda chala, mboni zikuona, a nyakwawa alipo. Mphamvu ya kalata imeneyo siili mu inki yokha, ili mwa anthu amene analipo ndipo angaitanidwe kudzanena zimene anaona.

Kuno malo ndi ochepa, pakuti gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'minda ya tiyi, ndipo mkangano wa mizere iwiri ya munda umatha kudanitsa mbumba. Gogo amene wasunga kalata yake ya munda m'Baibulo amadziwa kuti ali ndi umboni m'nyumba. Mukamuuza kuti umboni wake uli mu kompyuta ku Lilongwe, ndipo foni imene ingautsegule ndi ya mdzukulu yemwe akulimbana naye mundawo, mwamulanda kanthu. Tinaona nthawi ya AIP, kuyambira 2020, anthu atanyamula ziphaso zaunzika akugona pa malo ogulitsira feteleza chifukwa netiweki ikukana. Akulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Kodi ife a kuno tiyambira pati?

Wophunzira za makompyuta (Ndata):
Bambo mlembi, sindikuganiza kuti gogo ayenera kukhala ndi foni kapena kiyi. Poyambira pathu ndi chiphaso chaunzika. Mu 2017 bungwe la NRB linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, ndipo zala zawo zinajambulidwa. Izi zikutanthauza kuti gogo angathe kuika chala pa makina, makinawo n'kutsimikizira kuti ndi iyeyo, ndipo wogwira ntchito ya boma amene waona zimenezo n'kusaina ndi kiyi wake. Mboni zingachitenso chimodzimodzi. Kenako gogo apatsidwe pepala losindikizidwa lokhala ndi chizindikiro cha QR, limene angalisunge m'Baibulo momwemo, ndipo aliyense wokayikira angaone ngati likugwirizana ndi zimene zinasungidwa. Ku Rwanda ntchito zambiri za boma zimapemphedwa kudzera pa Irembo, ndipo amene alibe foni kapena sadziwa kompyuta amathandizidwa ndi maejenti ovomerezeka.

NaPhiri (Luchenza):
Nkhani ya maejenti tiitenge mosamala, achimwene. Onani zimene zimachitika ndi ndalama za pa foni: agogo ambiri amapereka foni ndi nambala yachinsinsi kwa ejenti kapena kwa mwana kuti awatapire. Pa ndalama, chotayika chimakhala cha tsiku limenelo. Pa chikalata cha malo, munthu angaike chala pa makina osadziwa kuti akugulitsa munda. Ine ndikufuna kuti chikalata chizimuwerengedwera mokweza m'chinenero chimene amamva, Chichewa kapena Chilomwe, pamaso pa mboni zimene wasankha yekha, asanaike chala. Komanso zala ndi zithunzi za anthu si zinthu zosiya poyera. Tili ndi Data Protection Act ya 2024, lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, ndipo ofesi iliyonse yotenga zinthu zimenezi iyenera kunena kuti zikusungidwa kuti ndipo amaziona ndani.

Namwino (Limbuli):
Sindine katswiri wa zimenezi, koma ndikufuna kuwayankha bambo mlembi pa nkhani ya umboni wosungidwa m'nyumba. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, madzi ndi matope zochokera m'phiri zinakokolola nyumba kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo opulumuka ambiri anatuluka ndi zovala za m'thupi zokha. Kumisasa kunkabwera amayi opanda mabuku a kuchipatala, odwala osadziwa dzina la mankhwala amene amamwa, achinyamata opanda masatifiketi a sukulu. Amene mbiri yawo inali itasungidwanso kwina anathandizidwa mosavuta kuposa amene umboni wawo wonse unali m'sutikesi. Choncho pepala la m'Baibulo likhalepo ndithu, koma lisakhale lokhalo.

Kalaliki wakale (Thyolo Boma):
A nesi anena zoona, ndipo sindinganene kuti pepala silinyowa kapena kudyedwa ndi chiswe. Koma kompyuta nayo ili ndi namondwe wake. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa milungu ingapo, ndipo Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowa m'makina n'kumafuna dipo. Rejisitiri ya boma limodzi ikapsa, maboma ena amagwirabe ntchito, pamene makina a dziko lonse akagwa timagwa tonse tsiku limodzi.

Nkhawa yanga ina ndi ya nthawi. Ku National Archives ku Zomba kuli mafayilo a nthawi ya atsamunda amene munthu angawawerenge lero popanda chipangizo chilichonse. Madisiki amene tinkasungiramo makalata chakumapeto kwa ntchito yanga, lero palibe kompyuta ya m'ofesi imene ingawatsegule. Chikalata cha malo kapena cha penshoni chiyenera kukhala zaka makumi ambiri. Kodi siginecha yosainidwa chaka chino idzatsimikizirikabe adzukulu athu akadzakangana?

Wophunzira za makompyuta (Ndata):
Funso limeneli ndi lolemera, bambo, ndipo yankho lake limadya ndalama. Satifiketi ya kiyi imakhala ndi tsiku lothera ntchito, ndipo masamu amene ali olimba lero angadzafooke makompyuta akadzakula mphamvu. Njira imene ilipo ndi yoika pa chikalata chidindo cha nthawi chochokera ku bungwe lodalirika, chosonyeza kuti chinasainidwa satifiketi ikadali yamoyo, kenako n'kumachidindanso ndi njira zatsopano zaka zikamapita, komanso kusunga zikalata mu mtundu wa PDF/A umene unapangidwira kusunga kwa nthawi yaitali. Imeneyi ndi ntchito ya anthu olembedwa ntchito ndi bajeti ya chaka ndi chaka, osati ya pulojekiti imene imatha opereka thandizo akachoka.

Ngakhale Estonia, imene imatamandidwa chifukwa nzika zake zakhala zikusaina ndi makhadi kuyambira 2002, inapunthwapo. Mu 2017 kunapezeka vuto m'tizipangizo ta m'makhadi, ndipo boma linaimitsa masatifiketi a makhadi pafupifupi 760,000 mpaka atakonzedwa. Anakwanitsa chifukwa anali ndi akatswiri awo komanso njira zina zosainira. Tizikumbukiranso kuti dzikolo lili ndi anthu pafupifupi 1.3 miliyoni, pamene Mulanje ndi Thyolo okha, malinga ndi kalembera wa 2018, ali ndi anthu oposa 1.4 miliyoni. Zimene zinatheka kumeneko sitingangozinyamula mmene zilili.

Woyang'anira gulu (Mulanje Boma):
Mmene ndikumvera, maganizo anga ndi akuti boma liyambire m'kati mwake, pa zikalata zoyenda pakati pa ofesi ndi ofesi, monga za tchuthi, za kukwezedwa pa ntchito, za penshoni ndi mavocha. Kumeneko osaina ndi ochepa, amadziwika ndi nambala ya ntchito, ndipo angaphunzitsidwe ndi kulangidwa. Zikalata za malo ndi za mafumu zibwere pambuyo. Kodi alipo amene akuona mosiyana?

Wothandiza amalonda pa chipata (Muloza):
Ndikugwirizana nazo, bola chikalata chikasainidwa pa kompyuta pasakhale ofesi ina yololedwa kufunanso chidindo cha inki. Banki, khoti ndi ofesi ya maodita zonse ziuzidwe molemba kuti chimenecho n'chokwanira, chifukwa kalaliki amafuna pepala poopa kudzafunsidwa ndi oyendera mabuku.

Mlembi wa a gulupu (Thekerani):
Kuti za mafumu zibwere pambuyo sindikukana, koma ndili ndi funso limene ndikufuna liyankhidwe nthawi isanakwane. Mfumu ikamwalira, ufumu umatha kukhala nthawi yaitali usanalongedwe, makamaka pakakhala mkangano m'banja, ndipo nthawi imeneyo chidindo chimakhala m'manja mwa wogwirizira. Tamvapo za makalata a malo otuluka ndi dzina la mfumu imene ili kale kumanda, tsiku lake litabwezedwa m'mbuyo. Kodi kiyi wa mfumu yomwalira amatani, nanga wogwirizira amasaina ndi chiyani?

Wophunzira za makompyuta (Ndata):
Satifiketi ya kiyi imatha kuthetsedwa tsiku lake lisanakwane, bambo, munthu akamwalira, akachotsedwa pa udindo kapena akataya khadi. Bungwe loipereka limaiika pa mndandanda wa zothetsedwa, ndipo chilichonse chosainidwa pambuyo pa nthawi imeneyo chimakanidwa. Kubweza tsiku m'mbuyo sikungathekenso ngati pali chidindo cha nthawi chija, chifukwa ola silichokera pa wotchi ya wosaina. Wogwirizira apatsidwe kiyi wakewake, m'dzina lake, wa nthawi yochepa, ndipo pangalembedwe kuti zikalata za malo sangasaine.

NaPhiri (Luchenza):
Ndiye kuti zonse zagona pa masiku a pakati pa maliro ndi kuthetsedwa kwa satifiketiyo. Uthenga woti a gulupu atisiya umachoka kumudzi kupita kwa a T/A, kuchoka kumeneko n'kupita ku boma, ndipo nthawi yonseyo khadi lili m'nyumba ya maliro pamodzi ndi amene ankawathandiza kulemba nambala yachinsinsi pamene maso anayamba kuvuta. Bambo mlembi, tiuzeni inu amene mumalemba makalata amenewa: uthenga wa imfa ya mfumu umanyamulidwa ndi ndani, ndipo nthawi ya dzinja, msewu wa ku Thekerani ukaterera, umafika liti pa tebulo la bwanamkubwa?